Thukuta la Injini

Galaja ija inali ndi amakaniko awiri, koma ovololo yakuda inali imodzi. Inayo inali yoyera mbee, yosita bwino, ya cholembera pathumba, ndipo mwini wake ankadzitchula kuti Injiniya. Palibe sukulu imene inam'patsa dzinalo, anangodzuka nalo tsiku lina m'mawa ngati chimfine. Yakudayo inali ya mlongo wake wamng'ono, amene anthu ankangomuti Mlongo, ngati kuti anabadwira kudzakhala mlongo wa munthu basi. Iyeyo ndiye ankagona pansi pa magalimoto, ndiye ankamasula, kutsuka, kuyeza ndi kumanga. Injiniya ntchito yake inali kugogoda boneti ndi chala n'kuuza kasitomala kuti, "Musadandaule bwana, yafika kwa dokotala."

Bambo awo, amene anayambitsa galajayo, maso anali atachita ng'ala. Ankakhala pakhomo pa mpando wakale wa galimoto, kiyi wa galaja ali m'khosi pa chingwe cha nsapato, n'kumamvetsera mainjini ndi makutu. Kuseri kunali pikapu yawo yakale imene inafa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala.

"Tsiku limene pikapu ijayi idzalirenso," anatero mdalayo tsiku lina, "kiyi uyu ndidzam'pereka kwa amene manja ake akudyetsa galaja ino."

Mlongo anawasunga mawuwo mumtima. Kiyi yekhayo sankamulota kwenikweni, ndi kachitsulo chabe. Chimene ankafuna n'chakuti bambo ake anene ndi pakamwa pawo, anthu akumva, kuti manja akewo ndi ati. Zaka khumi ndi ziwiri zikhadabo zili bii, palibe tsiku limene anamvapo zimenezo.

Miyezi itatu Mlongo anaigwira injini ya pikapu ija. Anaiphwasula yonse mpaka kutsala buloko lokha, thunthu la injini, anasintha mapisitoni ndi maringi, hedi, chivundikiro cha pamwamba pa buloko, anakaipalitsa kuti ikhale yosalala. Mabawuti akale omangira hedi anali atatha mazinga, choncho anagula masitadi, zitsulo zazitali zokhala ndi mazinga uku ndi uku, zimene umazika m'buloko n'kumanga nati pamwamba. Nthawi yonseyo Injiniya ankadutsa kamodzi patsiku, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Tikuyenda bwino." Tikuyenda! Iye ndi ndani?

Tsiku lozika masitadi, Mlongo anayenera kukatenga rediyeta kumene anakaimatitsa. Apa m'pamene Injiniya anadzipereka, poti ntchito imeneyo ndi yaukhondo ndipo imaoneka bwino pa chithunzi. Mlongo anam'patsa kachubu ka mankhwala omatira mazinga.

"Achimwene, masitadi anayi a mbali iyi musawazike ouma. Mabowo ake anatulukira mpaka m'njira ya madzi. Mupake ichi m'mazinga, apo ayi madzi adzakwera n'kutulukira pa manati."

"Iwe, ukuphunzitsa ine? Injini ndinayamba kuziona iwe ukuyamwa chala."

Kachubuko anakaika m'thumba, pafupi ndi cholembera. Masitadi anawanyika mu oyilo kuti alowe mosavuta, anayala gasiketi yotseka mpata pakati pa buloko ndi hedi, anaika hedi, anamanga manati, kenako anadzijambula katatu atagwira sipanala. Mlongo pobwera anapeza zonse zatsekedwa. Anafunsa ngati anapaka, ndipo anayankhidwa ndi msana.

Tsiku loliza injini Injiniya anaitana anthu ngati pali ukwati. Anabwera wowotcherera zitsulo wa pafupi, mayi wogulitsa masipeyala, ndi madalaivala a minibasi atatu amene analibe pokatayira nthawi. Mlongo anathira madzi obiriwira oziziritsa injini, anamanga batire, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola kawiri, kenako inagwira, n'kuyamba kulira mosalala ngati sinagonepo. Mdala anaseka mpaka nkhama kuonekera, dzanja lili pa chingwe cha m'khosi.

Koma Mlongo maso anali pa manati anayi aja. Injini itatentha, pansi pa nati yoyamba panatuluka kadontho kobiriwira. Yachiwiri nayo. Posakhalitsa onse anayi anali kulira misozi, madzi akutsetsereka pa buloko n'kumachita tsii pa paipi ya utsi. Ukali unam'kwera mpaka m'makutu.

"A Injiniya, ikudontha iyi," anatero dalaivala wina.

Injiniya anawerama patali, kuopa ovololo, n'kudzuka akumwetulira. "Kudontha? Abale, kusaphunzira n'kufa. Ili ndi thukuta. Injini yatsopano imatuluka thukuta, monga munthu akayamba ntchito. Liuma lokha."

Ha! Thukuta! Ndipo madalaivala awiri anagwedeza mitu, poti munthu wa cholembera pathumba sanama. Koma thukutalo silinaume, linayamba kupanga kadziwe pansi. Injiniya anatenga sipanala, n'kuilowetsa m'chipaipi chachitali kuti akoke ndi mphamvu.

"Achimwene, siyani!" Mlongo anazimitsa injini n'kugwira chipaipicho. "Manati ali pa muyezo wake kale. Mukawonjezera muthyola sitadi kapena kuzula mazinga m'buloko. Madzi sakudutsa chifukwa cha kumasuka, akukwera m'mazinga."

"Ndiye ndi gasiketi yako," anatero Injiniya, mawu atakwera kuti bambo amve. "Anagula gasiketi ndi iyeyu. Ndinanena ine kuti ntchito zina si za aliyense. Bambo, mwanayu angokhala pa tebulo azilandira mafoni."

Mdala anatambasula dzanja kuti amudzutse, ndipo mayi wa masipeyala anamutsogolera mpaka pa galimoto. Anapapasa hedi ndi zala zimene zinkadziwa njira popanda maso, anatsata mphepete mwa gasiketi n'kupeza mouma, kenako anafika pa manati. Ananyowetsa chala, anachikhudzitsa pa lilime, n'kulavula kutali.

"Wati ndi chiyani ichi?"

"Thukuta, bambo."

"Thukuta ndi lamchere. Ichi chikutsekemera."

Wowotcherera zitsulo anaphulika n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Musawadzudzule a Injiniya, mdala! Thukuta angalidziwire kuti kukoma kwake? Lawo silinatulukepo, amadya la ena!"

Madalaivala, amene posachedwapa ankagwedeza mitu, tsopano ndiwo ankaseka kwambiri. Anthu ndi otero. Mdala anadzandira pang'ono, n'kugwira pachifuwa pa mwana wake wamwamuna kuti asagwe, ndipo zala zake zinakhudza kanthu m'thumba. Anakatulutsa. Anakapapasa kuyambira kumchira mpaka kukamwa, ndipo kachubuko kanali kodzaza, kosatsegula n'komwe.

Mlongo anaponya maso pa mdala. Bambo ake anali atadziwa, umboni uli m'manja mwawo, anthu ali pomwepo. Chinatsala ndi kutsegula pakamwa basi.

Mdala anafunafuna dzanja la mwana wake wamkazi, anaikamo kachubuko n'kulifumbatitsa. "Konza, mwanawe," ananong'ona. "Mchimwene wako asachite manyazi pagulu." Kenako anatembenukira kwa anthu. "Kalakwika kanthu kakang'ono. Ana anga akonza, mubwere mawa."

Ana anga! Komabe Mlongo anadziuza kuti mwina mdala akusunga mawu ake mpaka mawa. Anadikira injini izizire, anakhetsa madzi onse m'beseni. Sanamasule manati onse pamodzi, kuopa kuti hedi inganyamuke n'kuwononga gasiketi, koma anatenga sitadi imodzi imodzi. Ankaizula, kuitsuka mazinga ndi bulashi ya waya mpaka oyilo wa Injiniya atatheratu, kupopera mpweya m'bowo kuti muume gwa, kupaka mankhwala kuzungulira mazinga a pansi, kuizika, n'kumanga nati ndi sipanala yoyezera mpaka italira kuti tha. Ikatha iyo, ina. Injiniya anaima pambali kwa kanthawi akunena kuti, "Eya, ndi zimene ndimafuna kuchita," kenako anakumbukira kuti ali ndi msonkhano wofunika kwambiri. Madzi Mlongo sanathire tsiku limenelo, anasiya mankhwala agwire.

M'mawa anthu anabweranso, ndipo anachuluka, poti nkhani ya thukuta inali itayenda msewu wonse. Mlongo anathira madzi, analiza injini, anaisiya mpaka fani itazungulira kawiri. Anapukuta manati ndi kansalu koyera n'kukapereka kwa bambo ake. Mdala anakapapasa, anakanunkhiza. Kanali kouma.

Anavula chingwe m'khosi pang'onopang'ono. "Ndinalonjeza," anatero, "ndipo pikapu yalira. Nonse mwagwira ntchito. Koma galaja imafuna mwamuna pakhomo, woti makasitomala azimuopa. Mwana wanga, tenga. Uzimusamala mlongo wako, ali ndi manja abwino."

Injiniya anawerama kuti chingwe chidutse bwino osakhudza kolala. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, akuluakulu sananame. Palibe amene anawomba m'manja kupatula dalaivala mmodzi, ndipo nayenso anasiyira panjira.

Mlongo zinam'pweteka, osati pang'ono. Akanakhala kuti bambo ake sakudziwa, akanawakhululukira, munthu wosaona amanamizidwa. Koma analawa okha, anagwira kachubu ndi manja awo. Sanalire, misozi anaiona kuti ndi yodula kwambiri kuti aitayire pa anthu amenewa. Analowa m'kati, anasonkhanitsa masipanala ake, sipanala yoyezera, bulashi ya waya ndi nyundo, zonse zimene anagula yekha, n'kuziika m'bokosi lachitsulo. Bokosilo linali lolemera moti anachita kulikoka, ndipo linkalira pa simenti. Mdala phokoso limenelo ankalidziwa.

"Mwanawe, zitsulo zikupita kuti?"

"Kumene kuli manja ake, bambo."

"Aa, usatero. Zinthu zimakambidwa. Mchimwene wako angatani yekha?"

"Ali ndi kiyi, azimangira injini ndi kiyiyo." Anaima pamaso pawo n'kuika m'dzanja lawo kachubu kaja, tsopano kofinyidwa mpaka kumchira. "Dzulo munalawa la injini, munadziwa kuti si thukuta. Langa mwalidya zaka khumi ndi ziwiri, simunadziwebe kuti ndi la ndani."

Wowotcherera zitsulo anagwira mbali ina ya bokosi osafunsidwa. "Kumbuyo kwanga kuli shedi yopanda ntchito, chemwali, ili ndi dzenje lake lokonzerapo magalimoto." Anawoloka nalo msewu, mdala akutembenuza khutu kutsata mapazi awo mpaka atasokonekera ndi phokoso la magalimoto.

Sipanapite nthawi, minibasi inalowa pa galaja ikufuka nthunzi, anthu atatu akuikankha. Dalaivala anatsika akutukwana, anatsegula pa injini, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mlongo ali kuti?"

"Yafika kwa dokotala," anatero Injiniya, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Chabwino adokotala, nayo. Yabwatitsa madzi katatu lero."

Injiniya anasuzumira mu injinimo. Anatulutsa cholembera, anachibwezera. Anayang'ana kukhoma kumene kunkakhala masipanala, kunali misomali yokha. Bambo ake anali pa mpando, akufinyafinya kachubu kopanda kanthu. Ndiye kadontho kanatuluka pamphumi pa Injiniya, kanatsetsereka pamphuno mpaka pamlomo, ndipo iye anakanyambita mosadziwa. Kanali kamchere.