Magazi a Mzime

"Musam'mwetse kaye," anatero a Magalasi akumanga nsapato. "Ndikatenge kabotolo kuntchito, ndidzam'tenge magazi, ndiye amwe."

Akazi awo anaima pakhomo la chipinda, mapiritsi a malungo ali m'manja. Pabedi, mzime wawo, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, ankanjenjemera m'bulangete.

"Thupi lili moto, bambo ake. Inu dokotala wa udzudzu, mukufuna ndizingomuyang'ana?"

"Malungowa angom'bwererabwerera. Ndikukayikira kuti tizilombo take tasiya kumva mankhwala. Akamwa tifa tambiri, makina asowa chowerenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

A Magalasi ankagwira ntchito mu labotale yowerenga chibadwa cha tizilombo ta malungo, chilembo ndi chilembo, kuti aone ngati tasintha. Kunyumba mawu awo ankalemera ngati a dokotala, chonsecho sanachizepo ngakhale chimfine.

Kuntchito anapeza firiji yaikulu yafa, magazi a odwala ambirimbiri ali pafupi kuwonongeka. Anavula jekete n'kuyamba kuthamanga ndi mabokosi a ayezi. Foni inalira mpaka kutopa m'thumba la jeketelo. Akazi awo anadikira mpaka masana, kenaka anam'mwetsa mwana, koma ankangosanza. Pomwe bambo ankafika ndi kabotolo kawo, mwana anali atakomoka. Anathamangira naye kuchipatala, komwe anam'tenga magaziwo, ndipo mawa lake anamwalira.

Maliro atatha, a Magalasi anaika magazi aja m'makina. Kunena zoona, ankapemphera kuti apeze kachilombo kokanika, koti ngakhale mwana akanamwa m'mawa uja sizikanathandiza.

Mnzawo wa pakompyuta anawaitana, maso ali pansi.

"Achimwene, palibe chachilendo. Ndi kachilombo wamba. Mapiritsi athu omwewa amakapha."

"Werenganinso."

"Ndabwereza kale. Sikanali kobwerera ayi, udzudzu unangom'lumanso. Pepani, achimwene. Madzi akatayika saoleka."

Kunyumba anapeza akazi awo akupinda timadiresi ta mwana n'kumaika m'chikwama.

"Mwapezamo chiyani m'magazi a mwana wanga?" anafunsa osacheuka.

A Magalasi akanatha kunama. Mayiwa zilembo za makinazo sakanaziwerenga, ndipo mnzawo wa pakompyuta uja sanali wa pakamwa. 

"Ndikufunsa ine. Ndikanam'mwetsa m'mawa muja, akanachira?"

Bambo aja anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi malaya, ngakhale analibe fumbi.

"Akanachira."

Mayi aja sanalire. Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupinda. Apa m'pamene a Magalasi anaona kuti pansi pa timadiresito, m'chikwamamo munali kale zovala za akazi awo.