Laputopu ya Tiyese Yatsekedwa

1.
Ndikusankha nyemba pakhonde, mwana wanga Tiyese watulukira, laputopu ili m'manja. Amayi, pulojekiti yanga sikutseguka. Zaka zinayi za ku koleji, yokapereka Lachisanu.
Ndiye ukuuza ine, ndine wamagetsi?

2.
Sikutseguka.

3.
Zimene zikuoneka:
mafayilo onse amera kamchira kachilendo kumapeto kwa dzina
zithunzi za malemu bambo ake, mbee
m'foda iliyonse muli kalata imodzimodzi
pagalasi, wotchi ikuwerenga chobwerera m'mbuyo

4.
Kalatayo ndi yaulemu. Akuti moni. Akuti musadandaule, tatseka zanu zonse, kiyi tili nayo ife, lipirani pasanathe masiku atatu. Mbava yopereka moni! Amene anaba nkhuku zanga chaka chatha anachitako manyazi, anathawa.

5.
A Mponda, okonza makompyuta kumsika, akulankhula osapuma.
Mayi, kachilomboka sikaluma tsiku lomwe kalowa, kamayamba kakhala phee, kenako kathimitsa chitetezo, kafufuta zosungidwa padera, ndiye mukamva makina akulira, akutentha, akuchedwa popanda chifukwa, dziwani kuti kali pantchito, pamenepo zulani intaneti ndi fulashi zonse, ndipo musati mukalipira ndiye kuti kiyi ibwera, ena amangoti zii
Ndiye mukonza?
Mayi, ine si Mulungu.

6.
Iwe Tiyese, Lamlungu lonse chinthu chikulira ngati chigayo, makutu unabwereketsa? Sunasunge pena?
Pa fulashi yanga.
Inali kuti?
Yobaya momwemo.
Nayonso?
Sikutseguka.

7.
Sikalowa kokha, akutero a Mponda. Pamakhala wokatsegulira chitseko. Imelo, linki, kapena fulashi yoyendayenda. Mwabayapo ya eni?
Tiyese akulumbira, misozi chuchuchu.
Ine ndikuyang'ana denga.

8.
Loweruka masana, Tiyese ali ku saluni, mayi wina wa kwaya ya amayi anabwera ndi fulashi yochokera kwa anyamata oika nyimbo kumsika, anaibaya pa laputopu ija, nadina chilichonse chimene chinatuluka, inde, inde, inde, ankangofuna kumva pamene alito imalowera. Sanamve ngakhale nyimbo imodzi.
Mayiyo ndine.
Ndabwerera pakhonde, lichero pamiyendo. Kuchipinda Tiyese wayambanso tsamba loyamba, akulemba pamanja.
Amayi, ndiwo zipsa nthawi yanji?
Za fulashi ija ndimuuza. Ndithe kaye kusankha izi.