Mchenga Wosanduka Mpunga

Mwamuna wanga Haruna ndi wamatsenga. Osati a usiku aja ayi, koma a pagulu: amazungulira m'masukulu ndi m'mahotela a ku Senga Bay, kumeza malezala, kutulutsa dzira m'khutu la mwana. Chimene chinamutchukitsa ndi cha mpunga. Amatapa mchenga, kuthira m'poto, kuvundikira. Akavundukula, poto ali tho ndi mpunga.

Abbas, mnzake amene ankasewera naye asanadane, anayesa njira zonse kuti adziwe chinsinsi cha potoyo. Mpaka ine anandibweretsera chitenje, ndinamubwezera. Zitakanika, anapita ku Lifuwu kukauza alimi kuti Haruna amakawa, kuti mpungawo amaukoka ndi mankhwala kuchokera m'minda mwawo. Chaka chimenecho mpunga sunabereke bwino. Munthu amene wakolola pang'ono safuna umboni wambiri.

Lachisanu, anthu atangotuluka mumzikiti, ndinamva phokoso ndikuchapa matewera kuseri. Khamu linali pakhomo pathu, ena miyala m'manja, Che Idi, mmodzi wa alimi aja, atanyamula kagaloni ka petulo. Mwana wanga Sakina anali m'tulo m'nyumba momwemo.

Ndinapeza Haruna akusuzumira pawindo.

"Bambo a Sakina, tulutsani poto uja muwaonetse."

"Sindingathe. Taona pansi pa mtengo wa mango uwo."

Abbas anali ataima pamenepo, foni ili m'manja, akudikira kujambula.

"Akufuna chimenechi basi," anatero Haruna. "Awa saotcha nyumba, akungoopseza. Ndikaulula, ndatha ine."

"Ndiye bola akutchuleni mfiti?"

"Mfiti anthu amathamangira kukaiona. Wabodza angamuonere ndani?"

Wallahi, anali akumwetulira. Zinkamukomera kuti amuna onse aja akhulupirira. Mwala unagwa padenga, Sakina anadzidzimuka n'kuyamba kulira, Haruna maso ali kwa Abbas basi, ngati akusewera bawo. Mutu wanga unatentha. Ndinabereka mwana, n'kukoka poto kunsi kwa bedi. Haruna anandigwira mkono.

"Hidaya, ukatuluka nayo..."

"Mundimenya? Menyani msanga, petulo sadikira."

Ndinatuluka.

"Che Idi, ikani pansi chimenecho, bwerani kuno. Pisani dzanja."

Anazengereza.

"Pisani, bambo! Nyumba ya mwana wakhanda simunaiope, mukuopa poto?"

Anapisa. Chala chinangolowa pang'ono mumpunga n'kugunda chitsulo. Ndinazula kambale kosaya ka mpungako, kamene kamabisala m'chivundikiro, kamene kamatsala pamwamba akavundukula. Pansi pake mchenga uli phee, sunapite kulikonse.

"Minda yanu yonse ndi imeneyi? Mpungawu ndinagula ndekha pamsika, ndi womwewomwewu chaka chathunthu. Ndimaupeta ine, kuchotsamo anankafumbwe. Akanakhala kuti akukawa, bwenzi ine ndikudya phala lopanda shuga?"

 Mayi wina anaseka kumbuyo.

"Ndiye tinkaombera m'manja chivundikiro?"

Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Che Idi ananyamula kagaloni kawo osandiyang'ana kumaso. Abbas anatsitsa foni, n'kundiweramira ngati ndamugwirira ntchito. Ndinamulavulira malovu, kungoti anali patali.

M'nyumba Haruna anali atakhala pansi.

"Wandipha, Hidaya."

"Akufa salankhula. Achimwene akufuna munthu wokoka khoka kunyanja, mupiteko mawa."

Mpaka lero sandilankhula bwinobwino. Akuti ndinamugulitsa kwa mdani wake. Azinena. Lata limene linabooka ndi mwala ndinalimata ndekha ndi phula, ndipo Sakina akugona pansi pake.