Mchenga wa mu Chibuledi

Ndivomeretu poyamba pomwe kuti pakamwa pamene panatsala pang'ono kuwononga ulendowu ndi panga. Ine ndine Modesta, ndimaluka tsitsi ku Masiphumelele kuno ku Cape Town, ndipo aliyense amene anakhalapo pampando wa woluka tsitsi akudziwa kuti manja akamagwira ntchito, pakamwa sipakhala chete. Komabe mlandu wonse usagwere ine ndekha. Alamu anga a Brown, amuna a achemwali anga, nawonso ali ndi gawo lawo, ndipo si laling'ono.

Achemwali anga a Olive agwira ntchito ya m'nyumba kwa mzungu wina ku Fish Hoek zaka khumi ndi ziwiri. Abwana awowo ali ndi galimoto ija yokhala ngati nyumba, ya bedi, mbaula ndi firiji mkati. Disembala aliyense achemwali ndi amene ankaipakira mabulangete, mapoto, mipando yopinda, nyama, ngakhale mbale ya galu. Banjalo linkanyamuka likubayibitsa, iwo n'kutseka geti. Likabwerako, iwo ankakwera m'galimotomo ndi tsache. Mchenga wa kunyanja ndi wamakani, umabisala m'makona ndi pansi pa matiresi, moti ankausesa masiku awiri.

Tsiku lina ataweruka, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, anangoti, "Kaya zimamveka bwanji kukhala pa mpando uja, n'kumangoyang'ana madzi, wina akukupangira tiyi." Sankauza munthu. Koma alamu anamva.

A Brown ndi makaniko pa galaja ina ku Wynberg, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Pagalajapo panali galimoto yonyamula buledi imene inafa injini, mwini wake n'kuiiwala. Alamu anaipempha, anapatsidwa, n'kuikokera pakabwalo ka nyumba imene timachita lendi. Anaipenta kawiri konse, koma chithunzi cha buledi m'mbalimu chinakana kufufutika, choncho mwana wawo Ulemu anaitcha Chibuledi. Dzinalo linakakamira kuposa penti.

Chaka ndi theka, Loweruka lililonse, alamu tinkangowaona miyendo yokha itatulukira kunsi kwa galimoto. Injini anaitsitsa n'kuimanganso. Anaboola zenera m'mbali, anakhoma bedi la matabwa a mapaleti, anaika mbaula ya gasi ndi chigubu cha madzi chokhala ndi kampopi. Padenga anaikapo sola, yoyendetsera kafiriji kamene kankalira ngati chule. Pamenepo galimoto inali itatha, koma matenda a amakaniko ndi akuti chinthu sichitha. Disembala atangoyamba, anawotchereranso keliyala yaikulu yachitsulo pamwamba, ati poika mipando ndi tenti yogona ine ndi Ulemu.

Apa ndiye panalakwika. Kwa Mmalawi wa ku Cape Town, galimoto yaikulu ya keliyala pamwamba mu Disembala ili ndi tanthauzo limodzi lokha. Ameneyo ndi transipota, akupita kumudzi, ndipo anyamula katundu wa anthu wotumiza kwa abale.

Chikhala alamu analankhula poyera kuti tikukakempa kunyanja masiku atatu, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma anali atandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Alamu, nkhani ya kempiyi isatuluke, chonde. Anthu angatiseke. Mmalawi amene anatopa kugona pamphasa kwawo, lero akagone dala kutchire, n'kulipiranso?"

Ine ndinalonjeza. Ndiye Lolemba ndikuluka Mai Salome, a kwaya ya kutchalitchi kwathu, iwo anandifunsa mutu uli chowerama, "Sisi, keliyala ija ya alamu anu, ndi ya ulendo?"

Ndikanati chiyani? Bodza sindinafune kunena, zoona anandiletsa. Ndinangoti, "Eya, ndi ya ulendo. Tinyamuka Lachisanu."

"Ambuye adalitsike!" anatero Mai Salome, n'kutulutsa foni tsitsi lisanathe n'komwe.

Lachiwiri madzulo katundu anayamba kufika. Oyamba anali Mai Salome omwewo, atasenza chikwama chachikulu chamizeremizere, chomangidwa ndi tepi, pamwamba atalemba dzina la mayi awo, mudzi wawo ku Chiradzulu, ndi nambala ya foni. Ndinaona alamu akutsegula pakamwa, ndinaonanso akupatseka. Kenako anati, "Ikani apo, mayi." Mawu atatu amenewo ndi amene anatigwetsa m'dzenje.

Lachitatu kunabwera a Masoud, bambo wachikulire wa ku Mangochi amene amasoka zovala ku Wynberg, akukankha njinga yatsopano ya mdzukulu wawo. Kunabwera Hadijah ndi mabulangete anayi. A Thom anachokera ku Wallacedene, mtunda wonsewo, atanyamula chitseko, chitseko chenicheni cha nyumba ndi loko yake. Aliyense ankafika ndi nkhope yowala, n'kunena kuti bola inu a Brown timakudziwani, katundu wathu akafika bwino. Ndipo kwa aliyense alamu ankayankha kuti, "Ikani apo." Akulu akale sananame kuti manyazi anapha lambe.

Achemwali sanadziwe kanthu, chifukwa sabata imeneyo ankagonera ku Fish Hoek, kupakira abwana awo. Anafika Lachinayi dzuwa lisanalowe, atanyamula kajumbo ka chipewa chatsopano chakhonde chimene anagulira ulendowu. Anatsegula chitseko cha Chibuledi. Bedi silinkaoneka, mbaula sinkaoneka, zikwama zinali zitafika kudenga, ndipo chiwongolero cha njinga chinali chitatsamira pa zenera lija.

Anaima nthawi yaitali. Ine ndinali wokonzeka kuti akalipe, ndipo zikanandikomera kuti akalipe. Koma anangotseka chitsekocho pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Palibe kanthu, bambo a Ulemu. Ndinazolowera kupakira anthu ena."

Mawu amenewo anandipweteka mumtima, ndipo mpaka lero akandibwerera amandipwetekabe. Masiku atatu amenewa ndiwo okhawo amene achemwali anapatsidwa chaka chonse. Lolemba ankayenera kubwerera kukasamalira nyumba ndi galu, yemwe chaka chimenecho anatsala. Ulendo ukanalephereka Lachisanu, ndiye kuti mpaka Disembala winayo.

Titalowa m'nyumba, alamu anakhala pansi atagwira mutu. Kenako anadzuka ndi nzeru imene sindidzaiwala.

"Mwina tingopita kumene ku Malawiko," anatero. "Injini ndaimanga bwino. Kufika ikhoza kufika."

"Pa Chibuledi?" ndinakuwa. "Alamu, mukufuna kudutsa maiko atatu pa galimoto ya buledi, kuopa kungouza a Thom kuti atenge chitseko chawo?"

Achemwali anaseka, ngakhale maso anali ofiira. "Inu bambo a Ulemu, Lolemba ndikhale ndili pa ntchito. Kapena galu wa madamu mumunyamulanso?"

Alamu anandiyang'ana ngati akupempha kuti ndikalankhule ndine, popeza pakamwa panga ndi pamene panayambitsa. Ndinakana. Ndinati mauthenga nditumiza ndine kuti onse abwere m'mawa, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachisanu m'mawa pabwalo panadzaza. Anthu ankaganiza kuti abwera kudzatsanzikana nafe, moti Mai Salome anali atakonzeka kale kuyambitsa nyimbo ya ulendo. Alamu anakwera pa sitepe ya Chibuledi atavula kapusi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kamphepo.

"Abale anga, pepani," anayamba. "Ine ku Malawi sindikupita. Tikupita kukakempa, kupitirira Gordon's Bay uko. Masiku atatu basi."

Anthu anayang'anana. Kenako a Thom anafunsa, "Kukempa? Kuli msonkhano wa tchalitchi?"

"Ayi. Kukangokhala."

"Kukangokhala? Mu tenti? For what, bhuti? Chifukwa chiyani, achimwene?"

Anthu anafa nacho chiseko. Wina anati a Brown asanduka mzungu, wina anafunsa ngati tikalipiranso udzudzu. A Thom okha sankaseka, ankawerenga mataxi amene anakwera ndi chitseko chija. Alamu anaima pomwepo, kapusi akuipotokola m'manja, mpaka phokoso linachepa. Zimene ankaopa chaka ndi theka zinali zitachitika, ndipo anali asanafe.

"Sekani, ndi zoseketsadi," anatero. "Koma mayi a Ulemu awa akhala akupakira galimoto ngati iyi zaka twelofu. Amatseka geti anthu akupita, amasesa mchenga anthu akabwera. Nyanja imene imatulutsa mchengawo sanakhalepo pansi n'kuiyang'ana. Ndiye ine ndinati galimoto kukonza ndimatha. Ndinalakwa kukubisirani. Ndinkachita manyazi ndi chinthu chosachititsa manyazi."

Sindinawamvepo alamu akulankhula mawu ochuluka choncho nthawi imodzi. Achemwali anali ataima pakhomo, akuyang'ana pansi.

Woyamba kusuntha anali Hadijah. Anakwera m'galimoto n'kuyamba kukoka mabulangete ake. "Ine madamu a kwathu ali ndi boti," anatero osayang'ana munthu. "Zaka eyiti ndikuchapa mataulo a mchere. Amayi, tabwerani, tiwachotsere katunduyu anthuwa anyamuke."

Amayi amene anali pamenepo, ambiri mwa iwo antchito za m'nyumba, sanafunikire kuuzidwa kawiri. Anapanga mzere, zikwama zikudutsa m'manja mpaka panja. A Masoud anatsitsa njinga yawo okha, n'kugwira alamu pa phewa. "Achimwene, mukanangonena. Ifetu timaseka, koma sitiluma." Anaimbira foni transipota weniweni, a Edmund, amene ankanyamuka Lamlungu ndipo malo anali nawo. Ngakhale a Thom anafewa. Ananyamula chitseko chawo n'kunena kuti akadzamva kuti kukempako sikunakome, alamu adzawabwezere thukuta lawo.

Bedi litaonekanso, Mai Salome anaimba ndithu nyimbo yawo ya ulendo, ati nyimbo siiwerenga makilomita. Tinanyamuka anthu akutibayibitsa, achemwali ali kutsogolo, chipewa chakhonde chili kumutu. Geti anatseka ndi Hadijah.

Chibuledi chinayenda mwaulemu. Pa zitunda chinkatsokomola, magalimoto n'kundandana kumbuyo kwathu, koma tinafika masana. Malowo anali a udzu wometa, mitengo, ndi nyanja pompo. Mbali zonse kunali magalimoto oyera onyezimira, ife tili pakati ndi buledi wathu m'mbali. Bambo wina wachibunu wa kabudula anabwera kudzasuzumira, n'kufunsa amene anamanga sola ndi bedilo. Atamva kuti ndi alamu, anagogoda keliyala ija n'kuyamikira m'chibunu kuti, "Lekker, man!" Alamu anatupa ngati finye tsiku lonse, ndipo madzulo anali atayamba kale kukamba zodzaika shawa kumbuyo.

Vuto linali achemwali. Munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse sadziwa kukhala. Tikangowakhazika pa mpando, ankadzuka kukapukuta makapu. Tikawabweza, ankadzuka kukayala bedi loyala kale. Mpaka Ulemu anawakhalira pamiyendo n'kunena kuti, "Amama, lero muli pa off. Madamu ndinu."

Loweruka m'mawa ndinatuluka mu tenti n'kuwapeza atakhala okha pa mpando wopinda uja, mapazi atakwiririka mu mchenga. Alamu anatuluka mu Chibuledi atanyamula kapu ya tiyi ndi manja awiri, akuyenda pang'onopang'ono kuti asatayike. Tiyiyo anali wa shuga wambiri, ndinalawa wotsala mu ketulo pambuyo pake, koma achemwali anamwa yense. Anakhala akuyang'ana madzi mpaka dzuwa linakwera. Ine ndinasangalala kwambiri moti ndinabwerera mu tenti kukalira pang'ono.

Tinabwerako Lamlungu masana, titapsa ndi dzuwa, tikununkha utsi wa nyama. Tisanatsike n'komwe, Hadijah anali atafika kale kudzafunsa ngati Chibuledi chili ndi zochita pa Isitala. Titatsitsa mipando ndi mapoto, ndinaona kuti pansi ponse m'galimotomo pali mchenga, m'makona, pa sitepe, ngakhale pansi pa matiresi. Ndinati ndilipire mlandu wa pakamwa panga, ndinathamangira m'nyumba kukatenga tsache.

Ndikuti ndiyambe kusesa, achemwali anandigwira dzanja.

"Usiye, Modesta," anatero. "Umenewo ndi wanga."