Nyali ya Areti

Tsiku lomaliza kumuona Areti ali moyo, anali atavala jekete yanga osandipempha. Ankandiperekeza kokwerera basi pamene ndinkabwerera ku yunivesite mumzinda wa Thessaloniki, ndipo njira yonse tinkakangana.

"Vula, wakuba iwe."

"Inakuchepera kalekale. Taona chimimba chakocho, ngati cha nduna."

"Areti, ndati vula."

"Udzaitenga pa Pasaka."

Basi itanyamuka, mlongo wangayo anandibayibitsa ndi mkono wa jekete umene unkalendewera kupitirira zala zake. Pasaka asanafike, lole inamugunda pa msewu waukulu wa tauni yathu akuwoloka kukagula buledi. Dalaivala sanaledzere ndipo sankathamanga kuposa anzake. Msewuwo ndi mmene unalili basi. Malole onse ochokera kuminda ya zipatso ankadutsa pakati penipeni pa tauni, pakati pa mashopu ndi sukulu, ndipo tonse tinakula tikuwoloka mothamanga ngati nkhuku.

Maliro atatha, amayi anachita zimene banja lililonse limachita. Anaimika kakachisi kachitsulo m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pamene ngozi inachitikira. Kuseri kwa kachitseko kake kagalasi anaikamo chithunzi cha Areti, cha Namwali Mariya, botolo la mafuta a olivi ndi nyali. Nyaliyo ankaiyatsa okha madzulo aliwonse. Wina aliyense sankaloledwa.

Koma kakachisiko kanali tsidya lina, ife nyumba yathu ili tsidya lino. Amayi ankawoloka chisisira, atavala zakuda, maso ali pa nyali basi. Tsiku lina ndinamva mabuleki kulira. Nditatuluka ndinawapeza akutola machesi amene anamwazika pansi, mphuno ya galimoto ili pafupi kukhudza diresi lawo. Kusukulu sindinabwererenso. Anzanga anapitiriza kuphunzira zamalamulo, ine ndinasanduka ndodo ya amayi.

"Ndisiye mkono, Stamati. Sindine khanda."

"Ndikusiyani tikafika tsidya."

"Bwenzi pano uli loya. Taona, wangokhala ngati galu wotsogolera wakhungu."

Ndikanawauza bwanji kuti sindingathe kuikanso maliro ena?

Chaka chotsatira khonsolo inalengeza kuti msewu waukulu utsekedwa. Malole azizungulira kuseri kwa njanji, phula lichotsedwa, ayala miyala, adzala mitengo ndi kuika mabenchi, kuti pakati pa tauni anthu aziyendapo wapansi. Nditamva, ndinapepukidwa ngati ndatula thumba la simenti. Koma si onse anakondwa. A Thanasi, mwini malo omwera khofi moyang'anana ndi kwathu, anakalipa pamsonkhano mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera.

"Makasitomala anga aziimika kuti galimoto? M'thumba mwangamu?"

"Makasitomala anu ati, amalume?" wina anafuula kumbuyo. "Nkhalamba zija zimabwera ndi ndodo, kapu imodzi mpaka masana?"

Anthu anaseka, koma makhansala anali atagawanika, ndipo chisankho chinali pafupi. A Thanasi ankadziwa pogwira. Anabwera kunyumba kudzauza amayi kuti aona mapu a msewu watsopanowo, ndipo kakachisi palibe.

"Akakakhudza, ndikagona patsogolo pa makina awo," anatero amayi, modekha ngati akunena za mvula.

Ndinawakhulupirira. Ndinkadziwanso kuti chithunzi chimodzi cha mayi wovala zakuda atagona patsogolo pa makina okumbira chikatuluka m'nyuzipepala, ntchito yonse iima, malole abwerera, ndipo ine ndidzakalamba nditagwira mkono wa amayi. Nyali ya mlongo wanga inali pafupi kupulumutsa msewu umene unamupha. Usiku ndinkamukalipira mumtima: iwe, ngakhale utafa ukundilandabe zinthu.

Ntchito inayambira kumtunda, magalimoto akudutsabe mbali imodzi. Anthu oyala miyala atafika pa kakachisi, anaima. Kapitawo wawo, a Pantelis, anavula chipewa n'kudzilemba mtanda.

"Ine ayi. Msuweni wanga anazula kotereka pa msewu wa kunyanja, mkono unauma mpaka lero. Tiyala mozungulira."

Koma mozungulira sizikanatheka, chifukwa pamalo pomwepo ndi pamene pankayenera kudutsa ngalande ya madzi a mvula. Ndiye tsiku lina masana injiniya wa khonsolo, mayi wachitsikana dzina lake Zoi, anagogoda pakhomo pathu atanyamula bokosi la makeke. Amayi anamulandira mwaulemu, koma anamuphikira khofi wopanda shuga, ngati wa pamaliro. Iye anamwa osachita tsinya.

"Mayi Fotini, sindinabwere kudzakunamizani," anatero. "Pamene kaimapo sikangakhalepo. Ndalankhula ndi ansembe, akuti tingakaike pabwalo la tchalitchi."

"Mwana wanga sanafere kutchalitchi."

"Ndikudziwa."

"Uli ndi ana, mwanawe?"

"Mmodzi. Amaphunzira pa sukulu yapakonapo. M'mawa uliwonse ndimamuwolotsa ndekha."

Panja lole inadutsa, makapu m'kabati n'kugwedera monga ankachitira moyo wanga wonse. Sindinakonzekere kulankhula, mawu anangotuluka.

"Amayi, ndatopa. Ndikamva mabuleki, ngakhale ndili m'bafa, ndimati ndinu. Mwana wina muli nayebe, ndi ine ndili panoyu."

Sanandiyang'ane. Anatembenuza kapu yawo pa sosala kangapo, kenaka anafunsa injiniya uja.

"Ukuti magalimoto sadzadutsanso? Ngakhale imodzi?"

"Ambulansi ndi ozimitsa moto okha. Ndi obweretsa katundu m'mashopu m'mamawa, pa liwiro la munthu woyenda."

"Nanga pakati pa msewu padzakhala chiyani?"

"Mzere wa mitengo."

"Ndiye kachotseni," anatero amayi. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Mukuyesa ndimakakonda pamenepo, pafupi ndi bini ya zinyalala? Areti sanagwere m'mbali. Anagwera pakati, moyang'anana ndi khomo la ogulitsa buledi. Tinakaika m'mbali chifukwa cha malole anuwo. Nthawi yonseyi ndakhala ndikuyatsa nyali pamalo olakwika. Kaikeni pamene anagwera."

Zoi anatambasula mapu pa tebulo, makeke n'kuwakankhira pambali. Chala chake chinayenda pang'onopang'ono mpaka chinaima.

"Apa pabwera mtengo, ndi kadothi kozungulira tsinde lake. Njira ya ambulansi sikaitsekereza." Anakanda m'mutu ndi pensulo. "Mapuwa amanena za mtengo. Za zimene zingakhale pansi pa mtengo, sanenapo kanthu."

A Pantelis anakumba dzenje ndi kusakaniza simenti, koma kunyamula anakanitsitsa. Ndinagwira mwendo umodzi wa kakachisi ndekha, kakundilemera, mpaka ndinamva munthu akupuma mwamphamvu mbali inayo. Anali a Thanasi, atavalabe epuloni yawo.

"Kweza bwino, loya wolephera iwe. Ukufuna msana wanga uthyoke?"

"Si inu munkati mapu ndi oipa, amalume?"

"Ndi oipabe. Koma mlongo wakoyu ankandibera shuga pa matebulo kuyambira ali kakhanda. Yenda."

Amayi anali patsogolo, atanyamula nyali ikuyaka, chikhatho chikutchinga mphepo. Mkono wanga sunaume. Wa a Thanasi ukugwirabe ntchito. Matebulo awo tsopano atuluka mpaka kufika pansi pa mitengo, ndipo akudandaula kuti miyendo ikuwawawa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu.

Madzulo oyamba mizati yachitsulo itazikidwa kumapeto onse awiri a msewu, amayi anatenga machesi monga mwa nthawi zonse. Ndinadzuka pampando mwachizolowezi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukupita kuti?"

Ndinaima pakhomo. Anatsika okha, osayang'ana kumanzere kapena kumanja, ndendende mmene ankandiopsera kale. Palibe chinalira. Kamtsikana kena kanawazungulira pa njinga, mayi wina anawapatsa moni, ndipo anaima kucheza naye pakati pa msewu, machesi ali m'manja. Manja anga sankadziwa chochita, ndiye ndinawaika m'matumba a jekete ija. Achipatala anatibwezera itang'ambika paphewa, amayi n'kuisoka. Areti sananame, inandichepera.

Za kubwerera kusukulu sindinasankhebe chochita. Amayi akuti akandionanso pakhomo nthawi ya chisisira, andithira madzi otsukira mbale. Mwina ndipita. Pakali pano ndimangokonda kukhala pa benchi pafupi ndi mtengo uja, kumvetsera nsapato za anthu pa miyala. Nthawi zina zimandipsetsa mtima kuti zinali zosavuta chonchi: mizati ingapo, miyala ndi mitengo. Nthawi zambiri ndimangopuma.

Msewu unatsekedwa pa 9 Meyi 2022.