Mafoda a Apongozi

Mawaya anadziwa kuti zavuta pamene kompyuta ya apongozi ake inayakanso sikirini ili bii ngati kunsi kwa poto. Dzina la Mawayali anamupatsa ndi apongozi omwewo, chifukwa tsiku limene ankadzaonekera pakhomopo, m'thumba la jekete yake munkasuzumira waya. Ntchito yake inali yokonza makompyuta, ndipo makasitomala ankamutama. Koma pano, pabalaza pa bambo a mkazi wake, zinthu zinali zitamusokonekera.

Kompyutayo inkangozima yokha. Iye anapeza kuti mafayilo ena oyendetsa makina onse anawonongeka, n'kuwakonza bwinobwino. Matenda aja anathadi. Koma poyatsanso, ha! Chithunzi chakumbuyo palibe, mafoda palibe, ngakhale kamzere ka mabatani kokhala m'munsi mwa sikirini kanasowa. Kamuvi ka mausi kokha ndi kamene kankayendayenda mumdimamo.

"Mwaipha?" anafunsa apongozi, magalasi ali pamphuno.

"Ayi bambo, yangokomoka."

"Hm."

"Hm" ameneyu ndi amene ankamusowetsa mtendere Mawaya. Chikwatirireni mwana wawo, mkuluyu sanamukalipirepo, komanso sanamuyamikirepo. Ndi ana awo ankaseka mpaka misozi, koma iye ankangolandira moni ndi "hm". Zinkamuwawa ndithu, ndipo lero anabwera ndi mtima woti mwina amvako mawu ena.

Anadina mabatani atatu pamodzi, n'kudzutsa pulogalamu imene imaonetsa zinthu pa sikirini. Kamzere kaja kanatulukira. Mafoda nawo anabwerera, atandandalika kumanzere ngati ana asukulu pamzere. Mawaya anapumira m'mwamba.

"Zonse zabwera bambo. Palibe chatayika."

Mkuluyo anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga ana anga mwawaika kuti?"

Mkazi wa Mawaya, amene ankalowa ndi makapu a tiyi, anaseka mpaka tiyi kutayikira m'thireyi.

"Inunso bambo a mwana, simunaone musanayambe? Kumbuyoko kunali chithunzi cha banja lonse, chija cha pakhonde. Bambo saona tizilembo ting'onoting'ono. Foda ya aliyense anaiika pachifuwa pa mwini wake. Akafuna zithunzi za achimwene, amadina pachifuwa pa achimwene, basi."

Koma abale! Munthu wakonza makina a maofesi akuluakulu, lero n'kugwa ndi zimenezi? Sanaone chifukwa atangofika anathamangira kutsegula zida zake, kufuna kuonetsa ukatswiri. Anafufuza mwakachetechete mpaka anachipeza chithunzicho, n'kuchibwezeretsa. Kenako analetsa kompyuta kusanja yokha mafoda, kuti foda iliyonse ikhale pamene yaikidwa.

Chithunzicho ankachidziwa bwino, pakuti anajambula ndi iyeyo. Tsiku limenelo anangouzidwa kuti, "Inu jambulani, mumadziwa za makina." Onse analimo: apongozi aamuna ndi aakazi, alamu ake, mkazi wake atanyamula khanda, mpaka galu. Iye yekha ndiye munalibe.

Anayamba kukoka mafoda imodziimodzi, apongozi akulamula ngati wapolisi wapamsewu.

"Ameneyo ndi wamkulu, muikeni pa tayi. Uyo ndi wachiwiri. Ayi, mwamutseka pakamwa! Kapena musiyeni choncho, amalongolola kwambiri."

Mawaya anaseka asanadzigwire. Poyang'ana m'mbali, anaona kuti mkuluyo nayenso mapewa akugwedezeka. Anapitiriza. Foda ya mayi inapita pamtima pawo, ya mdzukulu pa kachipewa. Ngakhale galu anali ndi yake, mwati zoona?

Kumanzere kunatsala imodzi. Atawerenga dzina lake, dzanja linaima pa mausi. Inalembedwa kuti Mawaya.

"Iyi ndingoisiya m'mbali muno, bambo?" anafunsa motsitsa mawu.

"M'mbali mwa chiyani? Ili ndi malo ake. Tsikani nayo. Pitani kumanja. Tsikaninso. Pakona pomwepo."

Pakonapo panali kachinthu kofiirira, kosaoneka bwino, kotchinga mwendo wa mpando. Mawaya anakazindikira, nkhope n'kutentha ndi manyazi. Chinali chala chake, chimene chinatchinga kamera tsiku lija.

"Bambo, pajatu ndinajambulanso zina zabwinobwino, zopanda chala. Ndinakupatsani zonse."

"Ndinaziona," anatero mkuluyo akuvula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya. "Zokongola kwambiri. Koma m'menemo inu mulibemo."

Mkazi wake anayamba kupukutanso thireyi imene anali ataipukuta kale. Mawaya anangokoka foda ija pang'onopang'ono, n'kuikhazika pachala chakecho.

Apongozi anavalanso magalasi, n'kuyendetsa maso pa sikirini yonse, kuyambira pa tayi mpaka pakona.

"Hm," anatero.

Kenako anakankhira mbale ya shuga kwa mkamwini wawo, n'kumuuza kuti athire wambiri, tiyi wa mwana wawoyu amakhala wowawa.