Pomwe Chala Chagwera

Komatu maiko ndi ambirimbiri, nanga chala cha mwana wake chinakagwera bwanji pomwepo? Mayiyo, yemwe ndi namwino, anali pa kampando ka ana kumbuyo kwa kalasi, mawondo ali m'chibwano, akudikira ndi makolo anzake kuti ana afotokoze za maiko awo. Aphunzitsi anali atalongosola kale: amazunguza mpira wojambulidwa maiko onse, mwana atatsinzina n'kuuimitsa ndi chala, ndipo pomwe chagwera ndilo dziko loti aliphunzire teremu yonse. Ena ankagwera m'nyanja n'kubwereza. Mtsikana wake yekha, kamodzi n'kamodzi, anakaloza dziko limene bambo ake anapita n'kukakwatirako.

Anamuuza ndani? Iye sanalitchulepo m'nyumba, ankangoti “ali ku ntchito, kutali” — kapena analitchula, tsiku lija ankakangana ndi bambowo pa foni m'bafa, mpopi atautsegula dala? Kapena ndi apongozi, pakamwa pawo posatseka paja? Kapena palibe, zinangochitika, iye ndiye akuthawa mthunzi wake womwe.

Mwanayo anaimirira nayamba kutchula likulu, mitsinje, nyengo yozizira mpaka madzi kuuma gwa.

“Kuno kukamacha, kumeneko amakhala ali mtulo,” anatero. “Ndiye munthu sangaimbe foni.”

Makolo anaseka. Mayi wina anagunda namwinoyo ndi chigongono.

“Wanu ameneyu? Mwabereka loya, anzanga!”

Namwinoyo anadabwa kuti sakumva kuwawa koma chidwi, chomwe chimamugwira akamatsegula bandeji ya wodwala — balali lalowa mpaka pati? Kamwana aka, komwe amakapesa tsitsi m'mawa uliwonse, kakudziwa zingati, kuyambira liti, ndipo bodza la foni lija kakutchinjiriza nalo ndani, bambo ake kapena mayi ake? Akangokafunsa, naye ayenera kuyankha.

Anthu akutuluka, anayandikira tebulo.

“Aphunzitsi, anatsinzinadi?”

“Zenizeni, mayi. Ndinamutseka m'maso ndi manja angawa.”

Atatsala yekha anauzunguza mpirawo pang'onopang'ono. Zipululu ndi nyanja zinkadutsa myaa pansi pa chala chake, mpaka china chake chinamukanda: kabowo kakang'ono koboola ndi nsonga ya kampasi ya masamu, kotukuka m'mbali, pakati penipeni pa dziko lija.

Anadzutsa mutu. Pakhomo panali mwanayo, chikwama chili kumsana, ndipo sankayang'ana nkhope ya mayi ake ayi, ankayang'ana chalacho.